Kompyuta ya Malemu Bambo

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene bambo anatisiya. Tinkakhala pamwamba pa phiri la Zomba, m'nyumba ya kuntchito kwawo yozunguliridwa ndi mapaini, kumene chifunga chimalowa pakhomo osaodira ndipo zovala siziuma msanga. Bambo anali kalaliki wa za nkhalango, koma mtima wawo unali ku kwaya. Ndiwo ankaphunzitsa nyimbo kutchalitchi kwathu, ndipo ankajambula mawu awo pa kompyuta yakale ya chibokosi yomwe inkakhala pakona la pabalaza. Atamwalira, ndinkadziwa chinthu chimodzi: mawu awo anatsala m'bokosi limenelo basi.

Maliro atatha, azakhali anga a Esinta, alongo awo a bambo, anatsala nafe. Anali mayi wopemphera, wa mawu osabwezedwa. Analamula kuti katundu wa malemu asakhudzidwe mpaka abale atabwera kudzagawa, kenako anayenda nyumba yonse akuwaza madzi odalitsidwa: pa nsapato, pa jekete, pa mabuku a nyimbo. Kompyuta nayo inalandira madalitso ake, ndipo azakhali sanali munthu woumira madzi.

Zinayamba masana ena chifunga chitatseka mawindo. Magetsi anali atazima kuyambira m'mawa. Atangobwera, tinamva kuwomba kwa kamphepo pakona paja. Kanyali kobiriwira kanayaka kokha popanda woyandikira. Sikirini inakhalabe bii, koma bokosi linalira: kulira kumodzi kwakutali, kenako kwakufupi, n'kubwerezanso. Amayi anagwetsa mbale. Ine tsitsi linandiima, pakuti kulirako kunkafanana ndi mluzu umene bambo ankaimba akamafika pakhomo.

"Achimwene sanagone bwino," anatero azakhali motsitsa mawu. "Pali chimene akufuna."

Panalibe wolimba mtima wozula chingwe pakhoma, poti kutero n'kukhudza katundu wa malemu. Azakhali anatenga bulangeti lochindikala, naliponya ali chapatali, n'kufunditsa bokosilo ngati mtembo. Kuyambira tsikulo, magetsi akabwera tinkamva kulira kwa pansipansi mkati mwa bulangeti. Ndinkadutsa pabalaza chothamanga. Koma nthawi zina ndinkaima pakhomo n'kumamvetsera, mantha ndi chifundo zitandigwira pamodzi. Tsiku lina kulirako kunaleka, ndipo m'nyumba munamveka fungo ngati la lamba wopsa. Chete ameneyo ndiye anandiopsa kuposa kulira kuja.

Azakhali anagamula kuti bokosilo lisalowe m'gulu la zogawa. Anati anyamata akaliponye kudzenje la Chingwe, kumene amati akale ankataya anthu. Usiku sindinalire, ndinalira m'mawa, pamaso pa amayi, ndikuwauza kuti akataya bokosilo ndiye kuti aika bambo kachiwiri. Azakhali atangopita kumapemphero, amayi anazula chingwe ndi dzanja lawo, nakulunga bokosi m'chitenje, n'kusenza. Tinatsika phiri ndi njira ya amayi a nkhuni, ine pambuyo.

Ku Chikanda kunali Che Saidi, okonza makompyuta a ana asukulu a kukoleji, m'kachipinda konunkha fumbi ndi mtovu wosungunuka. Amayi atafotokoza zonse, iwo sanaseke. Anandiyang'ana ine.

"Mwanawe, inkalira bwanji? Tandiimbire."

Ndinaimba mluzu uja. Anagwedeza mutu. Anati makina akalephera kudzuka amanena pomwe pakuwawa, ndipo kulira koteroko kawirikawiri kumaloza timatabwa ta ramu, tosungira zimene makina akuchita pa nthawiyo. Za kuyaka yokha anati bambo ayenera kuti anaitchera dala kuti izidzuka magetsi akabwerera, poti magetsi athu ndi a bwera-pita. Amayi anapuma mpweya wautali.

Anatsegula bokosi. Pa timatabwa tija panali madontho ouma, otuwa. Anawayang'ana amayi, amayi anayang'ana pansi, nkhani ya madzi inathera pomwepo. Anapukuta timatabwato ndi labala ya pensulo, n'kubwezera, n'kuyatsa. Zii. Anaikamo tina tawo. Zii. Anasintha kabokosi kolandira magetsi, anazula zingwe zonse zosafunika, akuyesa chinthu chimodzi pa nthawi. Ine ndinkaona ngati akuchedwa dala.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero osanditembenukira. "Ukasintha ziwiri nthawi imodzi, sudziwa chimene chimadwala."

Pomaliza anamasula fani yaing'ono yomwe inali itauma ndi fumbi, nanyamula kachitsulo kangati bisiketi. Anati ndiyo purosesa, yoganizira makina onse. M'mphepete mwake munali mutada. Anainunkhiza.

"Mumaifunditsa chiyani, mayi?"

"Bulangeti."

"Ndiye inkayaka m'menemo, ilibe popumira. Sindingalumbire kuti yafa ndi iyi yokha, mwina thabwa lalikulu lolumikiza zonse nalonso lapita. Koma purosesa ikafa, makina salira. Nthawi imene inkalira ija, inali ikadali moyo. Inkapempha thandizo."

Mawu amenewo anandilasa. Tinkaiopa pamene inkatiitana, ndipo tinaitseka pakamwa mpaka inatsirizika. Ndinafunsa ngati nyimbo za bambo zapsera limodzi. Che Saidi anamasula kabokosi kena kolemera, kokwana m'manja, komwe anati ndi hadi disiki.

"Choganiza ndi china, chokumbukira ndi china," anatero. "Tiyeni timve."

Anakalumikiza ku kompyuta yawo. Kanalira tiki tiki, kenako kanakhazikika. Anasankha nyimbo yomaliza kujambulidwa, nakweza sipika. Poyamba kunamveka mvula pa malata a nyumba yathu. Kenako chifuwa cha bambo chija, chimene tinachizolowera miyezi yomaliza. Mpando unakhuluka. Ndipo bambo, asanayambe kuimba, analankhula pafupi penipeni, ngati aima kumbuyo kwanga:

"Tiya, tatseka chitsekocho, mwanangu, kukuzizira."

Sindinaganize. Ndinadzuka, ndinayenda, ndinakatseka chitseko cha Che Saidi. Nditatembenuka ndinapeza amayi atadziphimba kumaso ndi chitenje chonyamulira chija, ndipo bambo anali atayamba nyimbo.

Azakhali anakalipa titabwerera, koma tsiku logawa katundu anapempha kuti tiwaikire nyimbozo, zimene Che Saidi anatijambulira pa chimbale, ndipo anamvera atatseka maso. Bokosi lopanda kanthu lija palibe anafuna kulitenga.

Lero ndine mayi wa ana, ndimakhala ku Mbedza, ndipo phiri ndimangoliona chapatali likafunda chifunga. Chimene ndinatola m'kachipinda ka Che Saidi n'chakuti chinthu chikalira modabwitsa, usathamangire bulangeti. Yamba wafunsa kuti chikulira bwanji, ndipo ufufuze chinthu chimodzi pa nthawi. Ndazionanso pa anthu: mwana wovuta, nkhalamba yobwerezabwereza mawu, onse amakhala akunena pomwe pakuwawa. Za kuyaka yokha kwa kompyuta ija ndinamvetsa, ndipo ndimakhulupirira zimene anafotokoza Che Saidi. Komabe mpaka lero, magetsi akabwera masana m'nyumba muli zii, ndimayamba ndayang'ana ngati chitseko n'chotseka.