Tulo ta Achimwene

Kwathu ku Chipadze munthu wogona masana sadzutsidwa. Linali lamulo la ababa, amene anakalambira mu mgodi. Akachokera ku shifiti ya usiku, ife ana tinkayenda monyang'ama, chifuwa tinkakatsokomolera panja. Iwo thupi lawo linali lomvera: akawasintha shifiti, tsiku lomwelo agona, adzuka, basi. Anzawo ena ankazunzika sabata yonse, maso ali psuu. Ababa ankangoti, "Ndi magazi, aliyense ndi ake."

Atakalamba, mutu unayamba kusokonekera. M'mawa akatha kuswali ankakhala bwinobwino, aliyense kumutchula dzina. Dzuwa likangopendeka, ngakhale ine wowasamalira ankandifunsa kuti ndine mwana wa yani.

Ndinaitanitsa achimwene ndi mng'ono wanga ku Canada kuti abwere ababa akadazindikira anthu. Anakwera ndege imodzi, koma taonani: atafika kuno, kutangocha, mng'ono wangayo anali kale pamsika, akukangana ndi ogulitsa tomato m'Chishona. Ameneyo anatengera ababa. Achimwene, mayo ine, thupi lawo linatsalira kutsidya. Usiku tulo osabwera, m'mawa ali thapsa ngati thumba la chimanga. Alamu inkalira mpaka kutopa yokha.

Ababa ankakoka mpando n'kukhala pakhomo pa chipindacho, kudikira mwana wawo. Tsiku lina zinandikwana, ndinagwira chitseko.

"Iwe, usayerekeze," anatero ababa. "Mnzako wachokera ku shifiti."

"Ababa, si shifiti, ndi ndege."

"Tulo ndi tulo. Adzuka yekha, ndili naye mawu."

Achimwene ankadzukadi okha, koma dzuwa litapendeka, n'kupeza nkhalamba yowapatsa moni ngati mlendo. Madzulo ankandichonderera kuti mawa ndiwathire madzi. Koma ndikadadutsa pati, mwini lamulo ali pakhomo? Mpaka lero zimandiwawa, ndipo lamulo lija ndimadana nalo.

Thupi la achimwene linagonjera nthawi ya kuno tsiku lonyamuka. Anadzuka mbandakucha, anasamba, n'kukagwada pamaso pa ababa. Koma tsiku limenelo mutu wa ababa sunayere ngakhale m'mawa. Anayang'ana chikwama, anayang'ana munthuyo.

"Ulendo wa kuti, bambo?"

"Ku Canada, ababa."

"Ndili ndi mwana kumeneko. Mukamuona, mumuuze abwere, ndili naye mawu."

Achimwene anayankha kuti akamuuza.