Matabwa a mbawa ya ku Mwazisi

Choyezera mvula cha bambo chinali chitini chachitali, cha fanulo pamwamba ndi botolo m'kati. Chinkaima pakati pa bwalo la ofesi ya zaulimi ku Mwazisi, patali ndi denga, patalinso ndi mtengo uliwonse, chifukwa mvula yofunika kuyeza ndi yogwa kuchokera kumwamba, osati yodontha m'masamba. M'mawa uliwonse madzi a m'botolo ankathiridwa m'kagalasi ka mizeremizere, nambala n'kulembedwa m'buku lachikuto chakuda. M'dzinja limene ndikukambali, matipate atangoyamba kumene, ntchito imeneyi inali yanga. Ndinali mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi. Bambo anali atasiya kufika pabwalo.

Bambo anali mlangizi wa zaulimi. Boma linawatumiza ku Rumphi kuchokera kwathu ku Dedza, ndipo tinapatsidwa nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa ofesi. Tinalimo atatu: bambo, amayi ndi ine. Mng'ono wanga anali atamwalira ali wakhanda tisanasamuke. Njinga ya bambo yoyendera m'minda ya fodya inali itayedzamira khoma kuyambira mu Seputembala, matayala ataphwa. Iwo ankakhala pabedi pafupi ndi windo, ndipo ndikabwera ndi buku ankalandira n'kunena kuti, "Tione, a kalaliki, kumwamba kwatipatsa zingati lero." Ankayang'ana ngati ndalemba tsiku, ngati nambala yakhala m'kati mwa mzere. Ndagwira ntchito m'manyuzipepala kwa zaka zambiri, koma sindinakumanepo ndi mkonzi wokhwimitsa zinthu kuposa munthu wodwala ameneyu.

Matenda awo sankatchulidwa dzina. Masiku amenewo palibe ankawatchula. Amayi ankati ndi chifuwa, anthu ankati bambo atopa ndi ntchito. Koma bambo anali ndi kapu yawo ndi mbale yawo, ndipo ana a nyumba zoyandikana anasiya kudutsa pakhomo pathu popita kumjigo. Mayi wina wa kutchalitchi ankabwera ndi ndiwo m'kambale, n'kuperekera pampanda. "Phepani chomene, mama," ankatero, kenako n'kubwerera. Kale ndinkamuona ngati wouma mtima. Tsopano ndimakumbukira kuti iye yekha ndiye ankafika ngakhale pampandapo.

Kusukulu Chichewa chinali cha m'buku. Belu likalira, aliyense ankabwerera ku Chitumbuka, ine n'kutsala ndi mawu ochepa amene ndinatola: monire, yewo, chomene. Chisankho chinali chitagawa dziko m'zigawo, ndipo ana ankabweretsa kusukulu zimene amva kunyumba. Ankandizungulira n'kundifunsa kuti bambo anavotera ndani. Sindinkadziwa. Aphunzitsi ankawabalalitsa, koma aphunzitsi anali ndi ana odzaza kalasi mpaka pakhomo chifukwa sukulu inali itangokhala yaulere, ndipo analibe nthawi yofufuza kuti mwana wa ku Dedza amakhala ndi ndani pa buleki.

Ndinkakhala ndi mitengo. Kuseri kwa nyumba kunali itatu: mango iwiri ndi mbawa imodzi. Mbawayo ndinaiyezapo ndi tepi ya bambo yoyezera minda, ndipo thunthu lake linaposa mamita anayi kuzungulira. Pansi mizu yake inatuluka ngati makoma, ndipo pakati pa mizu iwiri panali malo okwana mwana mmodzi atapinda miyendo. Pamenepo dzuwa silinkafika. Zipatso zake zolimba zikauma zinkang'ambika n'kugwetsa njere zopyapyala, ndipo zikamba zake ndinkazisandutsa mbale, nthawi zina ng'ombe. Mbali ina khungwa linali ndi zipsera pamene anthu ankasenda mankhwala. Amayi nawo ankasenda, n'kuwiritsa madzi ofiira owawa amene bambo ankamwa atatsinzina.

Chinthu china chimene sindinauzepo aliyense n'chakuti kuchokera pakati pa mizupo ndinkamva bambo akutsokomola pawindo. Ndinkadziwa tsiku labwino ndi loipa ndisanalowe m'nyumba. Likakhala loipa ndinkakhala pomwepo mpaka amayi ataitana.

Mphepo inabwera Lachinayi lina mu Disembala, cha m'ma 3 koloko masana. Mvula inali itagwa masiku anayi otsatizana ndipo nthaka inali itafewa. Tsiku limenelo kunatentha kuyambira m'mawa, masamba osagwedezeka. Kenako chakumadzulo, mbali ya ku Vwaza, kunada. Nkhuku zinathamangira pansi pa nkhokwe ya oyandikana nafe. Amayi anandikoka kundichotsa pakati pa mizu, tinaanula zovala mofulumira, n'kutseka chitseko ndi mpando.

Phokoso la malata linatseka makutu. Madzi ankalowa pansi pa chitseko, ndipo denga linkanyamuka pang'ono n'kubwerera. Bambo anakhala tsonga pabedi, chinthu chimene anali asanachite okha kwa milungu iwiri. Ndinamva kuthyoka kumodzi, kenako kwina. Kugwa kwa mbawa sindinakumve ndi makutu kwenikweni. Ndinakumva kumapazi: simenti inanjenjemera, makapu anagwa pashelefu, ndipo m'chipinda cha bambo, chimene chinkakhala cha mdima masana onse, munawala mwadzidzidzi.

Zonse zinatha ola lisanakwane. Titatuluka tinapeza mango umodzi utazulidwa, wina utang'ambika pakati mpaka pansi. Mbawa inagwa motalikirana ndi nyumba, inaphwanya chimbudzi ndi mpanda, nsonga yake n'kutseka njira ya kumjigo. Mizu yake inaima m'mwamba kuposa khoma la nyumba, dothi lofiira likugwa pang'onopang'ono. Malo anga aja anali m'mwamba, atayang'ana kumbali. Kumidzi zigafa za fodya zinagwa zambiri, ndipo denga la kalasi imodzi linakapezeka m'munda wa chimanga. Palibe anafa. Anthu ankati tithokoze Mulungu kuti mtengo sunagwere nyumba, ndipo ankanena zoona.

Choyezera mvula chinali chitagubuduka, botolo lili mbee. Ndinapita kwa bambo ndikulira, ndinati mvula yonse yatayika, ndilemba chiyani. Anati, "Lembani zimene zachitika, a kalaliki. Chitini chinagwa. Musapeke nambala." Ndinalemba choncho. Sindikudziwa ngati bambo anazindikira kuti sindinkalirira chitini.

M'mawa mwake pakhomo pathu panadzaza ana kwa nthawi yoyamba. Unali mwezi wa mango, ndipo zipatso zimene kale zinkafuna mwala kapena mtengo wautali zinali pansi, zongotola. Anabwera ndi mabeseni ndi matumba a feteleza. Ena anali a m'kalasi mwanga. Mtsikana wina anandipatsa bango lakupsa la mumtengo wathu womwe n'kunena kuti, "Irya, Muchewa." Ndinati yewo. Ndinaganiza kuti zinthu zasintha. Pofika masana mango anatha, ana n'kupita, ndipo sanabwerenso.

Kenako anabwera akuluakulu ndi nkhwangwa. Nthambi zazing'ono zinapita ku nkhuni, zowongoka zinakakonzera zigafa. Ine ndinkaima pakhonde n'kumaona mtengo ukuchepa tsiku ndi tsiku. Nyumba inayamba kutentha kuyambira 10 koloko, moti amayi anapachika chitenje pawindo la bambo. Mbalame zimene zinkatidzutsa zinasamuka. M'dzenje la mizu munadzaza madzi, mukubadwa ambululu. Ndikaweruka kusukulu ndinalibe poima kuti ndimvetsere kaye. Ndinkangolowa m'nyumba, n'kupeza tsikulo mmene liliri.

Amalume anafika Khirisimasi itangopita. Amayi anali atawalembera kalata. Anayenda masiku awiri, basi mpaka pa boma la Rumphi, kenako matola. Anali munthu wamfupi, wosachedwa pa nkhani. Atalowa m'chipinda anati, "Alamu, mwatha bwanji chonchi osatiuza?" Bambo anaseka mpaka kutsokomola. "Ndimasunga ufa, alamu. Kunoko chimanga chadula."

Thunthu linali likadali pomwepo. Mtengowo unali pamalo a boma, choncho panabwera munthu wa zankhalango, anauzungulira, n'kulola kuti uchekedwe. Anagwirizana kuti matabwa apite kusukulu akakhale mabenchi, ena akonzere chitseko cha ofesi. Nditamva, ndinapita kwa amalume amene ankasenga ndevu kuseri. Ndinali ndisanawapemphepo kanthu. Ndinati mtengowo ndi wanga, asautenge wonse. Anandiyang'ana, lumo lili m'manja. "Wako? Unadzala ndiwe?" Ndinati ayi. Anapukuta lumo pa thalauza n'kunena kuti aona.

Ocheka anali amuna awiri ochokera cha ku Phwezi. Anadula thunthu zidutswa zitatu, anakumba dzenje lakuya kufika m'khosi, anaika mitanda pamwamba, n'kugubuduzirapo chidutswa choyamba mothandizidwa ndi anthu asanu ndi mmodzi. Mizere ankalemba ndi chingwe choviika m'madzi a makala a mabatire akale: ankachikoka, kuchinyamula pakati, n'kuchisiya, ndipo mzere wakuda wowongoka unkatsala pamtengo. Wina ankaima pamwamba, wina m'dzenje, sowo yaitali ikukwera ndi kutsika. Wa m'dzenje ankatuluka ali wofiira ndi utuchi kuyambira tsitsi mpaka m'zikope. Fungo lake linkafika m'nyumba, lowawira ngati mankhwala a bambo aja. Ntchitoyi inatenga milungu itatu, chifukwa mvula ikagwa ankayamba akapa madzi m'dzenje.

Ndinkakhala chapatali n'kumawerenga matabwa. Ocheka anandizolowera. Wamkulu ankandiuza m'Chichewa chake chokweza mawu kumapeto kuti mbawa ndi mtengo waulemu chomene, chiswe sichiyamba msanga, ndipo thabwa lake likapalidwa limawala ngati lapakidwa mafuta.

Tsiku lina nditabwera kusukulu ndinapeza bambo atatulutsidwa pakhonde, atakhala pampando, bulangete m'miyendo. Amalume ndi wocheka wamkulu anali atakhala pansi pafupi nawo. Anali atapatula matabwa asanu ndi awiri, osankhidwa, opanda mfundo. Wocheka ankanena kuti mbawa yaiwisi imafuna miyezi kuti iume, ikafulumizidwa imapindika, ndi bwino kudikira mpaka mvula itatha. Amalume anati, "Aume mmene angaumire." Kenako anafunsa za utali, akuyang'ana pansi. Bambo ndi amene anayankha. "Mafiti sikisi ndi theka. Musaumire, alamu, mtengo ndi waulere."

Ndinafunsa kuti matabwawo ndi a chiyani. Amalume anatsegula pakamwa, koma bambo anawatsogolera. "Awa ndi opita nawo kumudzi."

Ndikulemba izi ndili wamkulu kuposa mmene bambo analili tsiku limenelo, ndipo nkhani yake ndi yachidule. Mabokosi a maliro ankagulidwa pa boma, ndipo pa nthawi ya mvula msewu wa ku Mwazisi unkatha kutsekeka masiku angapo. Munthu wodziwa kuti ulendo wake wayandikira, ali kutali ndi kwawo, anaona mtengo wabwino utagwa kuseri kwa nyumba yake ndipo anakonzeratu. Anakambirana ndi wa zankhalango ndi aphunzitsi aakulu, onse anavomera mosavuta. Pempho langa kwa amalume silinasinthe kanthu. Nkhaniyo inali itatha kale ndisanapite kukawapeza akusenga ndevu.

Koma ine ndinamva kuti ndapambana. Mtengo wanga sunapite wonse, ndipo tikubwerera ku Dedza, kumene ana amalankhula ngati ine. Matabwa anasanjidwa pakhonde, timitengo pakati kuti mphepo izidutsa. Ndinadziika kukhala mlonda wake. Kukachita mdima wa mvula ndinkathamanga kukawafunditsa matumba a feteleza. Ndinkayang'ana pansi ngati chiswe chayamba. Ndinathamangitsapo nkhuku, ndinakaniza mayi wa pampanda uja kukhalapo tsiku limodzi limene analowa. Ndinkagona chafufumimba pa thabwa la pamwamba n'kumanunkhiza. Madzulo ndinkapereka malipoti awiri kwa bambo: la mvula ndi la matabwa. "Auma bwanji lero?" ankafunsa. Ndinkati akuuma bwino, angotsala pang'ono, ndipo ndinkanena monyadira.

Lole ya boma inabwera mu Malichi. Kalipentala anagwira ntchito tsiku limodzi, matabwa asanaumitsitse, ndipo bokosi linali lolemera moti onyamula ankasinthana pafupipafupi. Ndinakhala kumbuyo kwa lole pamodzi ndi amayi ndi katundu wathu, kuchokera ku Mwazisi mpaka ku Dedza.

Komabe chimene chimandibwerera kawirikawiri si ulendowo. Ndi Loweruka lina mu Febuluwale, amalume atapita kumsika. Amayi ankasita malaya a bambo amene sankavalidwanso, bambo ali pabedi, ine nditakhala pakhomo pa chipinda. Ndinali nditaganizira bwino za kasamukidwe. Ndinafunsa ngati matabwa adzakwera lole imodzi ndi ife. Bambo anati inde. Ndinafunsa ngati adzandilola kukhala pafupi nawo kuti asanyowe panjira. Anati, "Mudzakhala pafupi ndithu, a kalaliki." Ndinafunsanso kuti nanga iwo adzakhala kutsogolo ndi dalaivala kapena kumbuyo ndi ine. Anayang'ana kudenga kanthawi. "Kumbuyo," anatero. "Kutsogolo n'kwa mabwana."

Ndinaomba m'manja. Amayi anaika simbi pansi, anatuluka, anatenga ndowa n'kupita kumjigo. Ndinawathamangira mpaka pampanda kukawauza kuti aiwala, madzi tinatunga kale m'mawa, ndowa zonse n'zodzaza. Sanatembenuke, ndipo ine ndinabwerera ndikudabwa kuti munthu wamkulu angaiwale bwanji chinthu chapafupi chotero.