Mawu Asanu a a Terzian

A Hovsep Terzian a ku Glendale adaoneka m'mafilimu oposa mazana atatu, koma palibe amene adamvapo liwu lawo. Ntchito yawo inali yodzaza malo: kuwoloka msewu kumbuyo kwa akatswiri, kapena kukhala patebulo lakutali n'kumatafuna mpweya. Zaka 41 zinatha choncho. Atafika zaka 79, wotsogolera filimu wina anawapatsa mawu asanu oti anene kamera ili pankhope pawo. Anajambula mu Malichi.

Sabata yotsatira dokotala anawauza kuti maso awo atsala ndi miyezi isanu ndi umodzi, ikachuluka isanu ndi itatu, kenako chifunga chokhachokha.

Masamu a ntchitoyi ankawadziwa pamtima. Kujambula kunatsala masabata asanu ndi awiri. Kudula ndi kulumikiza zithunzi, miyezi isanu ndi umodzi. Mawu, nyimbo ndi kukonza mitundu ya zithunzi, ina inayi. Kudikira tsiku lotulutsa, akudziwa ndi Mulungu. Anawerengera cham'tsogolo, anawerengera cham'mbuyo, sizinatsike pa chaka ndi theka. Anaimba foni ku ofesi ya eni filimuyo kasanu ndi kawiri, yankho limodzimodzi: filimu yosatha saonetsa munthu.

Pofika Ogasiti nambala ya basi sankaionanso. Anafunsa anthu mpaka kukafika ku Burbank, kunyumba yolumikizira zithunzi, nakhala pabenchi yapakhomo masiku atatu. Tsiku lachitatu Dolores Quintero, mayi wolumikiza filimuyo, anatuluka kudzasuta fodya.

"Agogo, mwasamukira pompano? Tikubweretsereni bulangete?"

"Ntchito yanga ndi yodikira, mwana wanga. Iwe usanabadwe n'kuti ine ndikudikira kale."

Dolores atamva nkhani yonse anazimitsa fodya. Anati akagwidwa akuwaonetsa filimuyo, ntchito imuthera, choncho awapatsa mphindi khumi basi. Anawakhazika pafupi kwambiri ndi sikirini, mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi. Nkhope inabwera, yaikulu, m'mbali mwake mosungunuka, koma yawo ndithu. Dzanja linaika kapu patebulo, milomo inayenda. Zii.

Dolores anafotokoza kuti tsiku lojambula lija kunadutsa ndege, mawu onse anaonongeka. Adzawaitana mu Januwale kuti adzanenenso akuyang'ana milomo yawo pasikirini, liwu ligwere ndendende pamlomo. Amene walephera, amamuikira liwu la munthu wina.

A Terzian anapinda zala: Sepitembala, Okutobala, Novembala. Chala cha Januwale sanachipinde n'komwe.

Anapempha kuti abwezere pomwe kapu ikugunda tebulo, ndipo pamenepo Dolores aziwagogodera ndi cholembera. A Terzian anatsinzina, poti mu Januwale sadzaonanso milomo, adzadalira kuwerenga. Cholembera chinagogoda, iwo anawerenga chamumtima, imodzi, ziwiri, nanena mawu asanu aja mokweza.

"Mwachedwa ndi theka la sekondi, agogo."

"Zatsala mphindi zingati?"

"Zinayi."

M'khonde munamveka mapazi. Dolores anayang'ana kuchitseko, dzanja lili pabatani.

"Bwerezanso, mwana wanga," anatero a Terzian, maso ali chitsinzinire.