Zipinda Ziwiri za Amake Mapasa

Chaka chimene amuna anga anawachotsa ntchito ku fakitale ya mabulangete, amayi a kumpingo kwathu ku Kanyama anandisankha kuti ndizitsogolera gulu loyendera odwala. Udindowo sindinaupemphe. Amene ankatsogolera kale anali atabwerera kumudzi ku Katete, ndipo tsiku losankhalo aliyense anapereka chifukwa chake, ine ndekha ndinachedwa kupeza changa.

Inali nthawi imene makampani ankatsekedwa motsatizana. Amuna amene kale ankathamangira basi mbandakucha tsopano ankangokhala m'mithunzi ya timasitolo, akusewera nsolo mpaka dzuwa kupendeka. Ufa wa thumba tinauiwala. Tinkagula wa m'timapulasitiki, umene tinkautcha pamela, wongokwana kudya kamodzi. Ine ndinali ndi tebulo pamsika, ndinkagulitsa repu ndi tomato, ndipo banja lonse linkadya patebulo limenelo.

M'gulu lathu tinalimo amayi asanu ndi awiri. Lachinayi lililonse aliyense ankabwera ndi kapu ya ufa, wina kachidutswa ka sopo, wina makala pang'ono. Tikapemphera tinkagawana nyumba. Ntchito yake inali kusambitsa odwala, kuwatembenuza, kuchapa zofunda, kutunga madzi kumpopi ndi kuphika phala. Matenda amene ankatha anthu masiku amenewo sitinkawatchula dzina. Tinkangoti uje wadwala nthawi yaitali, ndipo aliyense ankamva.

Nyumba imodzi imene tinaiyendera kwambiri inali ya mayi wina wa ku Petauke, wamng'ono kwa ine, amene tonse tinkamuitana kuti amake mapasa, chifukwa anali ndi ana aakazi awiri obadwa tsiku limodzi. Mwamuna wake anali makanika wa mabasi, nayenso wochotsedwa ntchito. Nyumba yawo inali ya zipinda ziwiri, ya mabuloko a simenti ndi malata. Ine ndinaiona ikumangidwa. Mayiyo ankaswa miyala m'mbali mwa msewu n'kumagulitsa, ndipo mabuloko ambiri anaumba yekha ndi manja ake, mwamuna ali kuntchito.

Bamboyo anagona pamphasa miyezi isanu ndi iwiri. Anali munthu wamanyazi, ndipo masiku oyamba ankatembenukira kukhoma tikamamusambitsa. Kenako mphamvu ya manyazi inamuthera. M'miyezi yonseyo mkulu wake, amene ankakhala ku Chawama, dera lina la mumzinda womwewo, anabwera kamodzi kokha. Anakhala pampando pakhomo, anamwa madzi, n'kupita.

Atamwalira, tinaika maliro Lachiwiri. Lachitatu m'mawa ndili pamsika ndikuwaza madzi pa repu, mayi woyandikana nyumba ndi amake mapasa anafika akupuma movutikira.

"Siyani ivo, tiyeni," anatero. "Alamu ake atulutsa vinthu vonse panja."

Ndinasiyira tebulo mnzanga wa pambali. Ndinadzera kwa mayi wina wa m'gulu lathu amene ankagulitsa tinsomba touma ta kapenta, munthu wathupi, wa mawu omveka kutsidya kwa msika. Titafika tinapeza mawilibala awiri pakhomo. Matiresi, mapoto, mbaula, wailesi ndi bokosi la masipanala zonse zinali panja. Amake mapasa anali pansi m'chipinda, atafunda chitenje kumutu. Mwambo sunkamulola kukweza mawu maliro asanathe, ndipo alamu akewo ankadziwa zimenezo.

Amayi a kapenta sanapereke moni. Anangopita n'kukhala pa matiresi aja, n'kutambasula miyendo.

"Ba tate, vinthu ivi muvipeleka kuti?" anafunsa.

"Ni va m'bale wanga," anayankha mkulu wa malemu, wa ku Chawama uja. "Imwe ndimwe ndani pabanja pano?"

"Ndife amene tinali kumusambika m'bale wanu. Miyezi seveni. Simungatidziwe, chifukwa kunalibe imwe."

Ine ndinakhalira mapoto. Ndinali ndisanayambe ndatsutsanapo ndi mwamuna wachilendo pamaso pa anthu. Anthu anasonkhana, koma palibe amene analowererapo. Ku Kanyama zoterezi tinali titazionapo kambiri, ndipo tinkangoti ndi za m'banja.

Bamboyo anatenga zimene sitinazikhalire: wailesi, masipanala, nsapato ndi jekete la malemu. Pochoka anaima pakhomo n'kuuza mlamu wake kuti mwezi ukatha akhale atatuluka, nyumbayo ndi ya banja, iye abwerere kwa amake ku Petauke.

Madzulo a tsiku lomwelo tinapita kwa abusa. Anali munthu wabwino koma wosakonda phokoso. Anamvetsera, akupukuta magalasi awo, kenako anati nkhani za m'banja n'zovuta kuti mpingo ulowemo. Anawonjezera kuti bamboyo ndi mkhristu mnzathu, woimba kwaya kumpingo wa ku Chawama.

"Abusa," anatero amayi a kapenta, "ngati ntchito yathu ni kusambika chabe anthu na kuimba pamaliro, mutiuze. Uyu mayi akagona panja na bana, Lachinayi tizamupelekera ufa kuti? Pa msewu?"

Abusa anatitsanzika osalonjeza kanthu. Koma Lamulungu lotsatira analalikira za akazi amasiye, ndipo anatchula poyera kuti kulanda katundu pamaliro ndi kuba, ngakhale wolandayo atavala yunifolomu ya kwaya. Amayi ena anaombera m'manja. Kumbali ya abambo kunali zii. Ena atatuluka ankanena kuti abusa ayamba ndale, ndipo akuluakulu awiri anasiya kubwera kwa milungu ingapo.

Mayi wina wophunzira wa mumpingo, amene ankagwira ntchito yotayipa m'tauni, anatiuza kuti lamulo lilipo lonena kuti nyumba ya malemu ndi ya mkazi ndi ana. Ambiri a ife sitinkadziwa. Abusa analemba kalata, ndipo tinakatula nkhaniyo kukhoti laling'ono. Podikira mlandu tinagwirizana kuti amake mapasa asamakhale yekha masana. Tinkasinthana, awiriawiri, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Alamu ake anabwera kawiri ndi munthu wofuna kugula nyumbayo. Ulendo uliwonse anapeza amayi awiri pakhonde akusenda nyemba, ndipo wogulayo ankabwerera.

Kukhoti tinapita kanayi. Ulendo woyamba bamboyo sanabwere. Wachiwiri anati mapepala sakuoneka. Wachitatu woweruza anali kumaliro. Mvula inali itayamba, ndipo amene anakhalako ku Kanyama akudziwa kuti madzi akagwa sapita kulikonse. Tinkayenda wapansi, nsapato m'manja, madzi ofika m'mawondo, osakanikirana ndi za m'zimbudzi. Tikafika kumsewu waukulu tinkatsuka miyendo ndi madzi a m'botolo kuti tikalowe m'khoti ngati anthu. Tsiku lililonse lotero tebulo langa linkakhala lopanda mwini, ndipo tomato sadikira munthu.

Amuna anga sanandiletse, koma sanakondwere. Tsiku lina nditabwerako ndinawapeza akupatsa ana chimanga chokazinga ndi madzi, chifukwa m'nyumba munalibe china.

"Amake ana," anatero, "nyumba ya eni mukuilondera bwino. Nanga ino ailondera ndani?"

Ndinakhala pansi n'kuyamba kuchotsa matope m'zala za kumapazi. Iwo anayankhulanso, mosakwiya konse.

"Ine ndikadzafa abale anga adzabweranso ndi wilibala. Ndimawadziwa. Mudzawauziretu anzanuwo."

Ulendo wachinayi abusa anatiperekeza atavala kolala yawo. Amake mapasa anayankhula yekha. Mawu ake anali otsika, moti woweruza anamuuza kawiri kuti akweze. Anafotokoza za miyala imene anaswa, n'kuonetsa manja ake. Khoti linagamula kuti nyumbayo ndi ya iye ndi ana, ndipo zimene zinatengedwa zibwezedwe. Masipanala ndi wailesi zinali zitagulitsidwa kale, ndipo palibe amene anali ndi mphamvu yoyambanso mlandu wina. Sitinalulutire. Tinagula chimanga chootcha chimodzi, n'kuchithyola patatu, ine, amake mapasa ndi amayi a kapenta, n'kuyamba ulendo wobwerera m'madzi muja.

Patapita miyezi itatu abusa anandiitana. Anati alandira uthenga kuchokera ku Chawama kuti mkazi wa bambo uja wadwala kwambiri, ndipo gulu la kumeneko lachepa anthu. Anafunsa ngati tingapiteko.

Nditauza gulu, amayi a kapenta anaimirira. "Ine ayi," anatero. "Mulungu anikhululukire, koma sopo wanga sapita kuja." Ena awiri anagwirizana nawo. Ine ndinapita ndi mayi wina wofatsa, wosoka zovala, osati chifukwa mtima wanga unali woyera, koma chifukwa ndinali mtsogoleri ndipo abusa anandiyang'ana m'maso popempha.

Tinapeza chipinda chimodzi cha lendi kuseri kwa bala, denga lodontha, ana asanu. Mayiyo anagona pa masaka a ufa oyalidwa pansi pa simenti yonyowa, msana wonse zilonda. Nditaona masakawo ndinakumbukira mmene bambo uja ankayang'anira matiresi tsiku lija. Iye anali mlonda pakampani ina imene inatsekedwa, ndipo chiyambire sanapezenso ntchito. Atandizindikira anaimirira pakhomo.

"Ba mayi, mwabwera kuniseka?"

"Tabwera kusambitsa odwala. Tipatseni beseni."

Anakatunga yekha madzi. Pamene tinkamusambitsa mkazi wake, iye anakhala panja atagwira mutu. Sindinganene kuti ndinamukhululukira. Zimene anachitira mkazi wa mng'ono wake zinali zoipa, ndipo ndikanenanso lero kuti zinali zoipa. Koma pobwerera ndinaona kuti mkwiyo umene unkandiyendetsa m'madzi muja wandithera, ndipo m'malo mwake simunalowe kanthu. Ndinangotopa. Tinapitako Lachinayi lililonse mpaka mayiyo anamwalira.

Amake mapasa anakhala m'nyumba yake zaka ziwiri. Anabwerera kumiyala, anadzala chibwabwa kuseri kwa nyumba, ndipo ana analowa sukulu. Analowanso m'gulu lathu, ndipo anali ndi manja ofewa kwa odwala kuposa tonsefe. Kenako anayamba kutsokomola. Tonse tinadziwa, iyenso anadziwa. Tinayamba kulowa m'chipinda chomwe chija ndi beseni lomwe lija.

Tsiku lina masana ndikumupesa tsitsi anandigwira dzanja.

"Achemwali, bana banga bazayenda kuti?"

Ndinamuuza kuti Mulungu adzaona. Ndinachita manyazi ndi yankho limenelo, chifukwa iye ankafunsa ine. Kwanga kunali ana anga asanu, komanso awiri a malemu mng'ono wanga, tonse m'zipinda ziwiri. Kwa amayi ena onse a m'gulu zinali chimodzimodzi. Nyumba iliyonse inali itadzaza kale ndi ana a anthu akufa.

Anamwalira nyengo yozizira. Kuchokera kwawo kunabwera amake okha, okalamba, osaona bwino, amene sakanatha kulera ana. Titaika maliro tinakhala pansi ndi abusa ndi achibale, ndipo munthu yekhayo amene ananena kuti atenga mapasawo anali bambo wa ku Chawama uja. Anati kuchipinda kwake sangakwane, choncho iye ndi ana ake asamukira m'nyumba ya mapasawo kuti awalere mmenemo.

Palibe amene anali ndi njira ina. Abusa anamuuza kuti aimirire pamaso pa mpingo n'kulonjeza kuti nyumbayo ndi ya ana awiriwo ndipo sadzaigulitsa. Analonjeza. Loweruka lotsatira anafika ndi wilibala imodzi, katundu wake yense ali mmenemo.

Tikuchokera kumeneko amayi a kapenta anayenda nane mpaka pampopi. Kenako anaima.

"Manje tinavutikira chani?" anandifunsa. "Khoti, matope, vonse vija. Si uyo walowa?"

"Amake mapasa anagona m'nyumba yake zaka ziwiri," ndinatero. "Anafera m'nyumba yake, ana ali pambali."

"Ivo chabe?"

"Zomwezo."

Sanabwerenso Lachinayi. Sanakangane ndi munthu, ndipo kutchalitchi ankabwerabe, n'kumakhala kumbuyo. Pamsika tinkapatsana moni n'kudandaula za mitengo ya zinthu, koma nkhani ija sitinaikambenso. Sindinamuweruze. Mayi ameneyo anasambitsa anthu ambiri kuposa amene ine ndingawakumbukire.

Ife otsala tinkapitabe kukaona mapasawo, poyamba mlungu uliwonse, kenako mwa apo ndi apo, chifukwa nyumba za odwala zinkachulukirachulukira. Bamboyo sanawazunze. Sanawalere mwapadera ayi, ankadya zimene ana ake ankadya, ndipo masiku ena onse asanu ndi awiri ankagona ndi njala. Mmodzi anapitiriza sukulu mothandizidwa ndi mpingo. Wina anakwatiwa akadali wamng'ono n'kusamukira kudera lotchedwa George, ndipo sindinamuonenso.

Ine ndinatsogolera gululo zaka zina zitatu, mpaka msana unakana kunyamula munthu. Nyumba ija ikadalipo. Bamboyo sanaigulitse, ndipo atamwalira inatsala m'manja mwa wamapasa wa sukulu uja, amene akukhalamo ndi awiri mwa ana a bamboyo. Anawonjezera chipinda chachitatu, chosapaka pulasitala. Ndikamadutsa popita kuchipatala amandiitana kuti ndilowe ndimwe tiyi. Ndimapereka moni ndili panjira, n'kunena kuti ndidzalowa tsiku lina.