Jekete la a Tasila

Phokoso lake linali ngati la munthu wotsamwa ndi munga wa nsomba. Ndinadzambatuka pamatiresi n'kuika khutu pakamwa pa mwana wanga Lennah. Ankapuma bwinobwino. Phokosolo linkachokera kuseri kwa thabwa lomwe limagawa chipinda chathu pawiri.

"Asisi, muli bwino?"

"Gonani amake Lennah, nikuphunzira chabe. Chijeremani chimakambidwa na pakhosi."

Umu ndi mmene ndinadziwira zomwe a Tasila ankachita akaweruka.

Timakhala mufulati ina ku Al Muraqqabat, muno mu Dubai, anthu ambiri, khitchini imodzi. Amuna anga a Enos ndi alonda ku Sports City, amagona kunyumba za kampani ndipo amabwera tsiku la ofu lokha. Ine ndimakolopa maofesi kuyambira m'bandakucha mpaka masana. A Tasila amaperekera zakudya pahotela ina ku Al Rigga kuyambira madzulo. Choncho m'mawa monse Lennah amakhala kumsana kwawo, ndipo ndikafika timangopatsirana mwana pakhomo, iwo atavala kale yunifomu. Popanda iwo ine sindikanagwira ntchito muno, ndipo Lennah sakanakhala ndi ine.

Kwawo ndi ku Chipata, komwe mayi awo amagulitsa mtedza pamsika. Sukulu anamaliza bwino, ankafuna unamwino, koma malo sanapezeke. Anakalowa ntchito paloji ina ku Mfuwe, kumene kumabwera azungu odzaona nyama. Tsiku lina gogo wina wa ku Germany anadwala m'mimba, anzake onse n'kupita kukaona njovu. A Tasila ndi amene anamusambitsa ndi kumumwetsa phala. Pochoka gogoyo anawagwira manja n'kunena kuti manja otere kwawo akusowa, chofunika ndi chilankhulo basi. Mawu amenewo anawatsatira mpaka ku Dubai. Sanakwatiwe, alibe mwana. Ofu yawo inkathera kukalasi, ndipo pafoni pawo sipankamveka nyimbo koma azungu akufunsana njira ya kusiteshoni.

"Pepala nimakhoza," anandiuza tsiku lina akumupukuta Lennah. "Koma mlendo wachijeremani akabwera patebulo yanga, lilime limauma gwa. Chinenero chimafuna ukhale pakati pa eni ake."

Ndinaseka nawo. Sindinamve chomwe ankandiuza.

Mu Ogasiti, nthawi yomwe ngakhale madzi a pampopi wozizira amawotcha manja, kansapato ka Lennah kanagubudukira pansi pa bedi lawo. Pokatenga ndinakhudza jumbo lalikulu. M'kati munali jekete lakuda lochindikala, la ubweya m'khosi, kapepala ka m'sitolo kakadali pamkono.

Madzulo ndinawaimbira a Enos.

"Jekete basi? Mwina n'chifukwa cha AC ya kuhotela."

"AC yake yogwetsa matalala?"

"Ndiye afunseni."

A Enos anayankhula ngati sadziwa mwambo wathu. Kwathu ulendo waukulu saulengeza. Ineyo pochoka ku Mchinji ndinawauza azakhali anga kuti ndikukaona wodwala ku Lilongwe. Anadzamva ndili kale kuno. Ulendo wotuluka pakamwa nthawi isanakwane umakumana ndi maso a anthu. Ndipo wofunsa ndiye woipa kwambiri: zikadzakanika, amakumbukira amene anafunsa.

Choncho ndinangokhala chete n'kumayang'ana. Mphika wawo wamagetsi anapatsa mtsikana wa ku Philippines wa chipinda cha kumapeto. Ufa anasiya kugula wambiri. Lamlungu lina ndinawapeza akumunyengerera Lennah kuti alandire supuni kwa munthu wina, iwo ataima kumbali, manja kumbuyo.

M'nyumba yoyandikana nayo muli mayi Hildah, amene amasunga ana a anthu ogwira ntchito. Ndinapitako mozemba. Ana anali mbwee pakapeti, zenera lotseka, wina akulira mawu atatha kale. Ndinatembenuka kuti ndizipita. Komabe mayi Hildah anandiuza kuti malo amodzi alipo, ndiwayankhe msanga. Koma ndikanamuchotsa bwanji mwana kumsana kwa a Tasila popanda kunena chifukwa? Akanati ndawaona cholakwa, kapena ndafufuza pansi pa bedi lawo. Ndinadikira kuti ayambe ndiwo. Iwo sanayambe.

Anatiululira ndi Lennah. Tsiku lina masana, ndikuvula nsapato, anakwawira pansi pa bedi n'kutuluka akukoka mkono wa jekete, akuseka. Tonse awiri tinangoliyang'ana.

"Kamfiti aka," anatero a Tasila. Anakhala pabedi. "Ananitenga ku yunivesite ya ku Germany, amake Lennah. Chaka chimodzi cha chinenero, kenako mayeso. Nikakhoza, nilowa unamwino. Viza yatuluka sabata yatha. Makalasi ayamba mu Okutobala."

"Mwezi wamawawu?"

"Chaka chatha ninakamba msanga. Anzanga anagula keke, kenako ananikana. Mpaka lero kukhitchini amaniitana Madamu Jeremani. Amayi ananilumbiritsa kuti ulendo uno nisatsegule pakamwa." Anandiyang'ana. "Simukudabwa?"

"Ndinaliona mu Ogasiti."

"Mu Ogasiti! Ndiye osafunsa?"

"Zikanakanika, asisi, mukanati ndani?"

Anamutenga Lennah, anamupsompsona pamutu, n'kupita kuntchito osadya.

Madzulo omwewo ndinathamangira kwa mayi Hildah. Malo aja anali atapatsa mwana wina. Masukulu a mkaka ovomerezeka si a anthu a ntchito ngati zathu. Ndinapempha abwana kuti andisinthe nthawi, anangoti "Khalas, nkhani yatha, shifiti ndi shifiti." Za tchuthi anati chaka chamawa, inshallah. A Enos atabwera pa ofu anakhala nthawi yaitali akuyang'ana mwana ali m'tulo, kenako ananena zomwe ndinkaopa chibadwire Lennah: "Apite kwa agogo ake." Mwana wa chaka ndi miyezi yochepa, amene sagona popanda bere. Ndipo ngakhale womuperekeza panalibe.

Masiku otsatira Chijeremani sichinamvekenso kuseri kwa thabwa. Ndinkamva bedi likulira, munthu akutembenuka. Mtima wina unkati mwina asintha maganizo, ndipo ndinkapemphera kuti zitero. Kenako ndinkakumbukira zaka zomwe mayiyu wanyamula mbale za anthu, n'kuchita manyazi ndi pemphero langa.

Lachisanu masana ndinawapeza atamubereka Lennah, sanavale yunifomu. Sanandipatse mwana pakhomo monga mwa masiku onse.

"Khalani pansi, amake Lennah. Ninaganiza zopempha kuti anisungire malo mpaka chaka chamawa. Koma nadziwa mtima wanga. Nikakhala, nidzayamba kukuzondani, kukuipirani mtima inu na mwana yemwe, ndipo iye sanalakwe. Niyenda."

Ndinagwedeza mutu.

"Koma sinikwera ndege ya ku Germany kuchokera kuno. Niyamba napita kukalaira amayi. Tiketi ya ku Lusaka naisintha, nitsikira ku Lilongwe. Mukalola inu na atate ake, mukasaina mapepala, uyu nimunyamula pamiyendo. Amanidziwa, sadzalira kwambiri. Nikamusiya m'manja mwa agogo ake ku Mchinji, nigona komweko mpaka awazolowere, ndiye niwoloke boda pa Mwami kupita kwathu."

Lennah ankasewera ndi ndolo yawo, osadziwa kanthu. Mkaka unayamba kudontha m'bulauzi langa.

A Tasila anatenga foni yanga pamatiresi n'kundiika m'manja.

"Imbani kwa amayi anu lero lomwe, muwauze tsiku, akonze pogona mwana. Ulendo uwu sitiubisa."