Faelo ya Abuluzi

Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu, bambo amene tonse tinkawatchula kuti a Mafaelo ankasunga mapepala a ofesi yathu m'kachipinda ka kumapeto kwa khonde. Ankagwira ntchito limodzi ndi abuluzi amizeremizere. M'mawa abuluziwo ankaothera dzuwa pawindo, kenako n'kulowa kuseri kwa mashelefu kukadya mphemvu, njenjete ndi chiswe. A Mafaelo ankawaikira madzi m'chitsekerero cha botolo, ndipo ankati m'nyumba monsemo ndi okhawo amene sanapemphepo tchuthi.

Bwana watsopano atangofika, buluzi wina anamudutsa pansapato. Tsiku lomwelo analamula kuti kachipindako kapoperedwe mankhwala.

"Bwana, mankhwalawo atha anzangawa," anatero a Mafaelo. "Nanga chiswe chikabwerera adzatidyere ndani?"

"Madala, ino ndi ofesi, si khola," anayankha bwanayo.

A Mafaelo sanatsutsenso. Anangoti lamulo lalikulu chotere liyenera kuyenda m'njira yake. Analitsegulira faelo, n'kulemba pachikuto akuluakulu asanu ndi awiri oyenera kusainira. Wazaumoyo anafunsa maganizo a wazomangamanga, wazomangamanga anapempha kuti pakhale komiti, ndipo komitiyo inafuna kudziwa kaye chiwerengero chenicheni cha abuluziwo. Mwezi uliwonse a Mafaelo ankayankha mwaulemu kuti kuwerenga kudakali m'kati, poti ena angobadwa kumene.

Bwana uja anasamutsidwa patatha zaka zitatu. A Mafaelo anapuma pantchito chaka chatha, palibe buluzi ndi mmodzi yemwe amene ananunkhizako mankhwala, ndipo komiti ikudikirabe nambala.