Mfuti Ziwiri Pachulu

Bambo anga anali mkamwini kwathu ku Nsaru, ndipo chimene chinawapatsa ulemu pamudzi wa eni chinali mfuti. Inali yakalekale, ya mtundu uja woti ukawomba umakoka kachitsulo ka pambali kuti chipolopolo china chilowe. Thabwa lake linachita kuda ndi thukuta la m'manja. Fisi akavuta m'makola, anthu ankathamangira kwa iwo. Mayi atamwalira, akuchikazi anawasudzula monga mwa mwambo, koma palibe anatchula zoti abwerere kwawo ku Kabudula. Bambowo ankati n'chifukwa cha mbuzi.

Chaka china fodya anawayendera bwino malume anga, mlongo wawo wa mayi, ndipo anagula mfuti yawoyawo. Inali yokokanso kachitsulo, koma yamakono, yopepuka, yokhala ndi kagalasi koonera patali. Kuyambira pamenepo pakamwa pa malume sipanatseke. Ankati yawo ikhoza kulasa njiwa m'diso, pomwe ya alamu awo ndi mpini wa khasu. Bambo ankayankha kuti mfuti yopepuka imanjenjemera m'manja, yolemera ndiyo imakhazikika paphewa. Ine malumewo ankandinyansa, sindibisa.

Anapangana zokayesa kudambo, naimika chivundikiro cha ndowa pachulu. Ndinapita nawo mwana ali kumsana, ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti malume achita manyazi.

Malume anawomba, chivundikiro chinalira. Bambo anagwada, analoza nthawi yaitali n'kuwomba, koma fumbi linabuka kutali ndi chulu. Anati mpope wa mfuti yawo watha ndi ukalamba. Malume, uku akuseka, anawapatsa yamakono ija. Bambo anaika diso pakagalasi, anachotsa, anapukuta ndi malaya, anaikanso. Kenaka anandikodola n'kufunsa chapansipansi.

"Mwanawe, kodi chivundikirocho chikadali pachulupo?"

Chinali pompo, chikunyezimira padzuwa moti ndi mwana yemwe akanachiloza. Mtima wanga unasweka. Apo m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake ankathira tiyi pambali pa kapu, ndi chifukwa chake anasiya kuwerenga Baibulo pamapemphero kumlaga, katchalitchi kathu ka m'mudzi.

Malume anamva funsolo ndipo kuseka kunathera pomwepo. Anayamba kunamizira galasi kuti lachita nkhungu, akuti zamakonozi n'zosadalirika. Bambo anabweza mfutiyo ndi manja awiri.

"Alamu, musainyoze. Mfuti yanu ndi yabwino. Yanganso ndi yabwino."

Palibe anawathamangitsa. Malume omwewo anachita kugwada kuwachonderera kuti akhale, ine ndinalira mpaka mawu kutha. Koma titangokolola bambo anakapereka mfuti yawo kupolisi, namanga katundu wa ku Kabudula.

Masiku ano ndikapita kukawaona amandizindikira ndi mawu, ndipo asanafunse za adzukulu amafunsa ngati makola ali bwino. Munthu anatilera, anaika mkazi wake m'manda athu, koma mpaka lero amakhulupirira kuti pamudzi paja tinkasunga mfuti, osati iwo.